Msika wa alimi ukufuna ndilembe zonse zomwe ndidzalime chaka chino, ndiyankhe bwanji?

NkhwaniWaKuIndiana
Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Ena mukudziwa kuti ndili kuno ku Indiana, ku America, ndipo chaka chatha ndinachita lendi kamunda ka theka la ekala kunja kwa tauni. Ndinkalima ndiwo zakwathu n'kumagulitsa kwa anzathu a kutchalitchi ndi ena ongondiimbira foni. Chaka chino ndati ndipemphe malo pa msika wa alimi wa Loweruka, uja amati aliyense azigulitsa zolima yekha. Andiyankha bwino, koma atumiza fomu ya mapeji anayi. Akufuna ndilembe mbewu iliyonse yomwe ndidzadzale, mtundu wake, kutalika kwa mizere, tsiku lofesa, mwezi woyamba kukolola, ndi kuchuluka kwa zomwe ndizidzabweretsa sabata iliyonse. Akufunanso mapu a munda ojambula pamanja, ndiponso ndisaine kuti ali ndi ufulu wobwera kudzayendera munda. Zonsezi zifike Febuluwale asanathe, pamene panja pali chipale chofewa ndipo nthaka yauma gwa ngati mwala.

Chandipweteka ndi chakuti zikukhala ngati akundikayikira ndisanagulitse ngakhale kamtolo kamodzi. Chachiwiri, ine ndinakulira kwa agogo ku Ntcheu, kumene chimanga, nyemba ndi maungu zimakhala m'munda umodzi. Ndilemba bwanji kutalika kwa mzere wa maungu oyanga paliponse? Nanga bonongwe womera yekha ndimulemba tsiku lanji lofesa? Amene munakumana nazo ndithandizeni.

Dimba265
Musasaine achemwali. Mawa la mlimi amalidziwa ndi Mulungu yekha. Fodya wako ndi wa pamphuno, inu mukalemba bwanji zokolola mbewu ili m'paketi?

MlimiWaLizulu
Ine ndikuona mosiyana ndi a Dimba265. Msika umenewo utabwera kuno ndingakhale woyamba kusaina. Chaka chilichonse timalira chimodzimodzi. Tonse timafesa tomato nthawi imodzi, tonse timawokera sabata imodzi, ndiye pofika Sepitembala msewu wonse wa M1 kuyambira pa Lizulu mpaka Bembeke wafiira psu. Dengu lomwe mu Malichi anthu amalimbirana, nthawi imeneyo umachita kunyengerera wogula. Madzulo wina amangokhuthulira m'ngalande chifukwa kubwerera naye kunyumba n'kuwononganso ndalama. Pakanakhala munthu woona mapepala athu tonse n'kunena kuti a tomato mwakwana, inu pitani ku anyezi, inu chedwetsani nazale yanu ndi masabata atatu, bwenzi ambiri tili ndi nyumba za malata.

Dimba265
Ndiye munthu wa muofesi akuuzeni chodzala m'dimba lanu lomwe? Ayi ndithu.

MlimiWaLizulu
Panopa amene amandiuza mtengo wa tomato wanga ndi munthu wobwera ndi lole m'bandakucha. Ameneyo ndiye ndamusankha ine?

HudsonValleyMw
Achemwali a ku Indiana, mtima pansi. Ine ndagwira ntchito zaka zisanu pa famu ya ndiwo zamasamba kuno ku New York, ndipo fomu yotereyi timadzaza chaka chilichonse. Ndikufotokozereni chomwe amaifunira.

Misika imeneyi imakhalapo chifukwa cha lonjezo limodzi kwa wogula, lakuti amene waima kuseri kwa tebulo ndi amene analima. Mu mzinda wa New York muli misika ya Greenmarket, yomwe inayamba mu 1976 ndi alimi 12 okha, ndipo lamulo lake mpaka lero ndi lomwelo, kugulitsa zolima wekha. Wogula amalolera kupereka mtengo wokwera kuposa wa musitolo chifukwa cha lonjezo limenelo. Ndiye taganizani munthu wopita ku msika wa mapiku usiku, n'kugula makatoni a tomato wochokera ku Florida kapena ku Mexico, kuchotsa timasitika, kumuthira m'timabasiketi tamatabwa, n'kudzaima pafupi ndi inu. Iye sanagule mbewu, sanathirire, matalala sanamugwere. Akhoza kutsitsa mtengo mpaka inu kubwerera ndi katundu yense. Fomu ija ndi chida chogwirira munthu wotereyu.

Mmene imagwirira ntchito ndi motere. Ngati unalemba mizere iwiri ya tomato ya mafiti 100, yomwe ndi pafupifupi mamita 30 uliwonse, koma Loweruka lililonse ukutsitsa makatoni odzadza galimoto, woyang'anira msika amadziwa kuti masamu sakugwirizana. Ngati wabweretsa tomato wakupsa mu Meyi pamene sunalembe kuti uli ndi greenhouse, nyumba ya pulasitiki kapena magalasi yolimiramo mbewu, amadziwanso, chifukwa kwanuko ndi kwathu kuno chisanu chimatha mu Meyi momwemo ndipo tomato wapanja amayamba kupsa cha mu Julayi. Akakayikira amatenga mapu aja n'kubwera kumunda. Kwathu anabwerapo mayi wina atavala majombo, pepala lili m'manja. Anayenda mzere ndi mzere, anawerama kuona zitsa za letesi yemwe tinadula dzulo lake, anafunsa komwe kuli anyezi, tinamulowetsa m'shedi momwe tinayanika. Mphindi 40 zokha, anamwa madzi n'kumapita.

Si pangano lakuti mudzakolola zomwe mwalemba. Mbewu ikakanika palibe amene amakulipiritsani. Chomwe amakaniza ndi kubweretsa chinthu chomwe sichili pa pepala popanda kuwadziwitsa.

NkhwaniWaKuIndiana
Zikomo achimwene, mwandimasula pang'ono. Koma pamenepo pomwe mwamalizirapo ndi pomwe pali vuto langa. Ine maungu sindilimira maungu. Ndimalimira nkhwani ndi chiluwe. Nyemba ndimathyolako khwanya, khobwe ndimathyolako chitambe, mbatata ndimathyolako kholowa. Pa fomu pali mzere umodzi pa mbewu iliyonse. Ndikalemba kuti maungu, kukolola Sepitembala, kenako n'kufika ndi timitolo ta nkhwani mu Juni, sadzati ndabweretsa chinthu chomwe sindinalembe?

MlangiziWopuma
Mayi, funso lanuli ndi lenileni, ndipo likundikumbutsa zaka zanga za ulangizi. Mafomu ambiri a zaulimi amapangidwa ndi anthu oganiza za munda wa mbewu imodzi, wokolola chinthu chimodzi, kamodzi. Ifenso tinkavutika nawo poyerekeza zokolola m'midzi. Ukafika pa munda wa mayi wina ku Dedza upeza chimanga, nyemba zayanga pa mapesi, maungu pansi, nandolo m'malire, ndipo pa fomu akufuna mahekitala a mbewu iliyonse payokha. Nkhwani yomwe banja ladya kuyambira Disembala mpaka Epulo sinkalembedwa paliponse, ngati kuti si chakudya.

Langizo langa ndi ili. Musalembe potsata mbewu, lembani potsata chomwe mudzaike pa tebulo. Nkhwani ikhale ndi mzere wakewake, chiluwe wakewake, maungu akeake, ndipo pambali mulembe kuti zonse zikuchokera pa bedi nambala yakuti. Chimodzimodzi khwanya ndi nyemba, kholowa ndi mbatata. Pa mapu, bedi lililonse lipatseni nambala, ndipo pomwe mwasakaniza mbewu lembani zonse zomwe zili pamenepo. Za maungu oyanga, musavutike ndi kutalika kwa mzere, lembani chiwerengero cha mapando ndi kukula kwa malo. Masiku musalembe tsiku limodzi, lembani sabata, monga sabata yachitatu ya Meyi. Zokolola lembani kuyambira pochepa mpaka pochuluka, monga timitolo 20 mpaka 40 pa sabata. Chinanso, lembani ngakhale mbewu zomwe mukungoganizira kuti mwina mudzayesa. Kuchotsa n'kosavuta kusiyana ndi kuwonjezera nyengo ili pakati.

Bonongwe womera yekha mulembeni momwemo, kuti amamera yekha m'mabedi akuti ndipo mumamusiya dala. Koma ngati mukufuna kumugulitsa sabata iliyonse, fesaniko bedi limodzi. Womera yekha sadalirika pa malonda, amabwera wambiri nthawi imodzi kenako n'kuchita maluwa.

WaFodyaKasungu
Ana inu mukudabwa chiyani? Ife a fodya takhala tikulemba mapulani chiyambire. Usanafese nazale umakalembetsa ku Tobacco Commission, amakupatsa chiphaso chokhala ndi makilogalamu omwe ukuloledwa kugulitsa. Ukakhala pa kontirakiti, alangizi a kampani amabwera kudzayeza munda ndi kuona zigafa. Popanda nambala sungalowetse belo ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Koma ndikuuzeni zoona, pepala silinathetse mavenda. Venda amagula fodya m'midzi mu Febuluwale anthu ali pa njala, n'kukagulitsa pa nambala ya mlimi wolembetsa, awiriwo n'kugawana. Pepala limagwira munthu wopanda mnzake. Wokhala ndi mnzake amadutsa.

HudsonValleyMw
Bambo, n'chifukwa chake pepala lokha silikwanira, pamafunika kuyendera munda. Msika wotolera mafomu koma osapita kumunda ukungovutitsa alimi achilungamo.

MayiGeniWakawaka
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhepo. Mawu oti venda mukuwatchula ngati ndi dzina la mbava. Ine ndimadzuka 3 koloko m'mawa kukadikira malole pa Wakawaka, ndimapikula tomato ndi kabichi, ndimakagulitsa ku Area 36 pa benchi langa. Ana anga anayi aphunzira ndi geni imeneyi. A MlimiWaLizulu, inu mungasiye dimba osathirira n'kudzakhala ku Lilongwe tsiku lonse kugulitsa mulu umodziumodzi? Tomato akaphwanyika m'njira amaluza ndi ine. Akaola pa benchi amaluza ndi ine. Popanda ife zokolola zanu zingathere pa msewu pomwepo.

MlimiWaLizulu
Mayi, sindikukana kuti timadalirana. Dandaulo langa ndi dengu lija mumabwera nalo, losokerera saka pamwamba kuti lilowe tomato wa madengu awiri pa mtengo wa limodzi.

MayiGeniWakawaka
Limenelo ndi la a malole, ife timagula kwa iwo. Mu Febuluwale tomato akasowa inunso mumatikhaulitsa, musaiwale.

KuFresno
Mayi a geni, palibe amene akunena kuti kupikula ndi tchimo. Musitolo monse muno ndi zopikula ndipo aliyense amadziwa. Mlandu ndi kunama, kuima pa malo olembedwa kuti alimi okhaokha n'kumauza wogula kuti ndathyola m'munda mwanga dzulo. Inu pa benchi lanu simunamiza munthu kuti muli ndi dimba.

Kuno ku California nkhaniyi ili m'malamulo a boma, si ya msika wokha. Mlimi wofuna kugulitsa pa msika wovomerezeka wa alimi amatenga satifiketi ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lake. Pa satifiketiyo pamalembedwa mbewu zake zonse, ndipo amaipachika poonekera pa tebulo kuti aliyense awerenge. Mu 2010 atolankhani a kanema wa NBC ku Los Angeles anatsatira ogulitsa ena mobisa, n'kuwapeza akukweza katundu ku malo a mapiku, ndipo atapita ku minda ina yomwe inalembedwa anapeza thengo lokhalokha. Mu 2014 boma linakhwimitsa lamulo, ndalama yomwe wogulitsa amapereka pa tsiku la msika inakwera kuchoka pa masenti 60 kufika pa madola 2 kuti pakhale ndalama yolipirira oyendera minda.

Achemwali a ku Indiana, za nkhwani musade nkhawa kwambiri. Kuno kuli alimi ambiri a mtundu wa Hmong, ochokera ku Laos, ndipo amagulitsa nsonga za maungu ndi masamba a mbatata m'timitolo ngati kwathu. Tsiku loyamba kuziona ndinaima pa tebulo lawo nthawi yaitali, mayi wogulitsayo mpaka anandifunsa kuti kwanu mumaphika bwanji. Ku Minnesota alikonso ambiri. Woyang'anira msika wanu ngati sanazionepo, mutumizireni zithunzi.

Nachisale_Leeds
Pepani ndipatuke pang'ono. Mayi a ku Indiana, nkhwani yanu imakoma ngati ya kwathu? Ine ndinadzala maungu a kuno pa kamunda ka khonsolo, masamba ake ndi aminga, olimba, ngakhale usadzule bwanji. Ndinathira nsinjiro zambiri koma ana anakana.

NkhwaniWaKuIndiana
Zimatengera mtundu achemwali. Maungu aakulu achikasu aja amasema pa Halloween masamba ake ndi okalipa, musataye nawo nthawi. Yesani butternut kapena mitundu ina yoyanga kwambiri, ndipo muzithyola masamba anthete atatu a kunsonga m'mawa dzuwa lisanakwere. Ine ndimafutsanso. Ndimawawiritsa pang'ono, kuyanika pa nsalu m'khonde, n'kusunga m'mabotolo. Mu Januwale kunja kuli zii ife tikudya mfutso wotendera.

Dimba265
Bwanji osangotumiza nthanga za kwathu? Ine ndikhoza kukupatsirani wina akamabwera, aike m'thumba la jekete.

KuFresno
Ayi achimwene, musamuike munthu m'mavuto. Mbewu zolowa ku America zimayenera kuonetsedwa pa bwalo la ndege, ndipo zimafuna chikalata cha zaumoyo wa mbewu kapena chilolezo cha nthambi ya zaulimi ya USDA. Akakupeza wabisa amalanda ndipo akhoza kukulipiritsa. Komanso mafomu ena amafunsa komwe unagula mbewu, ndiye udzalemba chiyani? Bonongwe, therere ndi khobwe zimapezeka kwa ogulitsa mbewu konkuno.

MlangiziWopuma
Lamulo limenelo lili ndi chifukwa. Kumbukirani mmene kambozi ka Tuta absoluta kanasakazira tomato kuno, ndi mmene ntchemberezandonda zachilendo zija zinatipezera mu 2017. Zonsezi zinachokera kutali.

WaFodyaKasungu
Tibwerere ku fomu. Funso lomwe palibe wafunsa ndi ili: pepalalo akaliwerenga ndani? Mwana wanga, iwe wapeza chinthu chomwe ena pa msikapo alibe. Ukalemba mitundu yako yonse, masiku ako ofesera, ndiye kuti wapereka nzeru zako. Ngati mu komiti muli alimi anzako, chaka chamawa upeza tebulo loyandikana nalo ladzaza bonongwe.

HudsonValleyMw
Apa bambo mwalasa. Misika yambiri ing'onoing'ono imayendetsedwa ndi komiti ya alimi omwewo, ndipo funso limeneli ndi loyenera kufunsa musanatumize. Afunseni kuti fomu amaiona ndi woyang'anira yekha kapena komiti yonse. Pa mtundu wa mbewu, ambiri amalola kulemba dzina wamba osatchula mtundu weniweni. Koma kunena zoona, tsiku loyamba kuika bonongwe pa tebulo aliyense adzamuona ndi maso. Chomwe sangakope msanga ndi makasitomala anu ndi kudziwa kathyoledwe.

Palinso mbali ina yomwe a MlimiWaLizulu anaikhudza. Woyang'anira amagwiritsa ntchito mafomuwa posankha olowa. Akakhala kale ndi anthu asanu ndi mmodzi a tomato ndi nkhaka, wachisanu ndi chiwiri amamuika pa mndandanda wodikira. Inu mukubwera ndi zinthu zomwe palibe wina ali nazo. Fomu imeneyi ikhoza kukhala chomwe chikulowetseni. Bonongwe alimi a chimanga ndi soya a kwanuko amamuona ngati udzu woipa, amamutcha pigweed, koma anthu a ku Jamaica amamufuna kwambiri, amati callaloo, ndipo amwenye ndi anzathu a ku West Africa amagulanso. Lembani maina onsewo pa fomu kuti woyang'anira aone kuti mubweretsa ogula atsopano.

Dimba265
Nanga chaka chikalakwika? Ife kuno mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola madimba ku Mulanje ndi ku Phalombe usiku umodzi. Chaka chotsatira ng'amba, mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Munthu amene mbewu zake zapita, n'kukatenga kwa mnansi wake kuti asataye makasitomala, ameneyo mumutcha wakuba?

MlimiWaLizulu
Limeneli ndi funso. Ine chiwawu chitandithera tomato chaka china ndinkatenga kwa mlamu wanga kuti mayi wina wa lesitilanti ku Dedza asandisiye. Koma ndinamuuza kuti uyu ndi wa alamu.

HudsonValleyMw
Mwayankha nokha achimwene, munamuuza. Misika imasiyana. Ina imakaniziratu. Ina imalola gawo lochepa la katundu wa mlimi mnzako wapafupi, bola upemphe kaye ndipo uike chikwangwani cha dzina la munda wake. Achemwali, werengani malamulo a msika wanu pa mfundo imeneyi musanasaine, chifukwa matalala a mu Juni kwanuko si nthano.

MayiGeniWakawaka
Ndiye kuti ngakhale kumeneko kupikula kulipo, kungoti amalemba chikwangwani.

KuFresno
Kwina kulipo mayi, kwina kulibe. Kuno mlimi akhoza kugulitsa katundu wa mlimi mnzake, koma dzina la mnzakeyo liyenera kulembedwa pa satifiketi, ndipo katundu wa awiriwo amaikidwa mosiyanitsa pa tebulo.

Nachisale_Leeds
Kunonso ku Britain misika yotere ilipo, woyamba unatsegulidwa ku Bath mu 1997, ndipo yambiri imaika malire a mtunda womwe katundu angachokere. Chomwe ndaona ine n'chakuti mafomu amalemera kwa anthu omwe Chingerezi cholemba chimawavuta. Mayi wina wa ku Zimbabwe yemwe timalima moyandikana amalima covo, ndiwo zamasamba zonga repu, wabwino kuposa tonse, koma fomu itabwera anangoipinda n'kuika m'chikwama. Tinakhala naye pansi Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, iye akunena ine ndikulemba. Pomaliza anadabwa yekha kuona kuti amalima mitundu 14.

MlangiziWopuma
Zimenezo ndinaziona kambirimbiri. Mlimi amakhala ndi pulani yonse m'mutu, amadziwa kuti kabichi akachoka apa palowa nyemba, kungoti sanaionepo pa pepala. Mayi a ku Indiana, sungani kope lanu la fomuyo ndipo muzilemba pambali tsiku lenileni lomwe mwafesa ndi timitolo tomwe mwagulitsa. Chaka chamawa simudzalotanso manambala.

NkhwaniWaKuIndiana
Ndabweranso abale. Lero pa nthawi yopuma kuntchito ndinamuimbira woyang'anira msika uja, mafunso anu onse ndinawalemba pa envelopu. Ndi mayi wachikulire, nayenso analimapo. Akuti fomu amaiona ndi iye yekha ndi munthu mmodzi woyendera minda, komiti imangouzidwa mitundu ya katundu. Akuti ndikafuna kuwonjezera mbewu nyengo ili pakati ndimulembere masabata awiri ndisanabweretse. Za katundu wa mnansi wakaniratu, akuti pa msika wawo palibe zimenezo ngakhale matalala agwe, koma malo anga sangawapereke kwa wina ndikajomba chifukwa cha nyengo, bola ndimudziwitse. Pamenepo mtima wanga sunakhazikike kwenikweni, chifukwa lendi ya munda siidikira.

Nditamufotokozera za nkhwani anakhala chete kaye, kenako anafunsa kawiri ngati ndikunenadi masamba a maungu. Ndamutumizira chithunzi cha chaka chatha, mwana wanga atanyamula lichero lodzadza. Wayankha kuti ndilembe monga ananenera a MlangiziWopuma, chilichonse mzere wake, ndipo akufuna adzalaweko akadzabwera kumunda mu Julayi.

Usiku uno ndayala pepala pa tebulo, ndajambula mabedi 18 ndipo ndafika pa nambala 11. Chandiimitsa ndi luni ndi chisoso. Luni ndinafesako pang'ono chaka chatha ndipo anachita bwino, koma sindikudziwa ngati alipo angagule kupatula ife. A HudsonValleyMw ndi a KuFresno, munamuonapo pa tebulo la wina aliyense?

KuFresno
Luni mulembeni. Anzathu a ku Kenya amamutcha saga ndipo akamva kuti muli naye adzabwera m'mamawa. Yambani ndi theka la bedi. Chisoso sindinachionepo chikugulitsidwa kuno, koma chilembeni ndithu pa mzere womaliza, muike timitolo 5 pa sabata.